Tinawagoneka Pansi Amayi

Malowo anandiuza ndi mnzanga wa kuntchito, mzungu amene tinkasamalira naye okalamba ku Gaithersburg, kuno ku America. Anati ngati ndikufuna kusangalatsa amayi, omwe anali atangofika kumene kuchokera ku Ntcheu, ndiwatengere ku paki ya boma. Anatchula mapaki angapo apafupi, koma anayamikira kwambiri ina ya kumapiri: madzi alipo, zimbudzi zilipo, munthu umagona mu tenti n'kumamva mbalame.

Ine sindinamvetse. Munthu uli ndi nyumba yabwinobwino, ukagone m'tchire ngati mlenje? Koma ana atamva anangoti kakaka, "Mom, please!" Nanenso ndinkaopa kuoneka wotsalira.

Loweruka m'mawa bambo a ana anayamba kulongedza m'galimoto mabulangete, mapoto, mbale, ngakhale nyali. Amayi anangoima pakhomo n'kumayang'ana. Ndinawauza kuti tikupita kokayenda. Anangolowa m'nyumba n'kutuluka ndi chikwama chawo chonse, Baibulo lili m'manja.

Titafika tinapeza matenti ali mbwee pansi pa mitengo. Azungu ankatola nkhuni, ena akuphika pamoto, ana awo ali osavala nsapato. Tenti yathu inatizunza, tinkaimika mbali iyi, inayo n'kugwa. Amayi anakhala pachitsa n'kumationerera. Kenako anandikodola, tinapita kuseri kwa galimoto.

"Mwanawe, usandibisire. Akuthamangitsani kunyumba kuja?"

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Kwathu ku Ntcheu anaona anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique akukhala m'matenti otere, akuphika chonchi. Kwa iwo tenti inali chinthu cha munthu amene zamuthera.

"Ayi amayi, ndi camping. Anthu kuno amachita zimenezi pongosangalala."

"Kusangalala? Ndiye azungu onsewa nyumba ali nazo?"

"Ali nazo, zazikulu kuposa yathu."

"Chikomekome cha mkuyu," anatero akupukusa mutu. "Ngati zavuta, undipatse anawa ndipite nawo. Kwathu denga lilipo."

Ndinapsa mtima, osadziwa kuti ndikupsera ndani. Ndinafotokoza za mpweya wabwino ndi za mbalame, zomwe anandiuza mnzanga uja. Ndikulankhula choncho, ineyo sindinkazikhulupirira.

Madzulo kunabuka ina. Tenti inali imodzi, ndipo amayi sakanagona malo amodzi ndi mkamwini wawo. Zimenezi tonse awiri sitinaziganizire n'komwe. Bambo a ana anatenga bulangete mwamanyazi n'kukadzipinda m'galimoto. M'mawa ndinapeza amayi atasesa pabwalo ponse ndi nthambi, mpaka pakhomo pa tenti ya azungu oyandikana nafe, omwe ankangothokoza ali kakasi.

Pobwerera, ulendo wonse amayi anagwira dzanja la mwana wamng'ono osalisiya. Titafika anatsogola n'kukaima pafupi ndi chitseko, maso ali pa kiyi. Chitseko chinatseguka. Analowa, anayatsa magetsi, anatsegula mpopi n'kutsekanso, kenako anakhala pampando. Ndinkayembekeza kuti aseka.

"Ndiye kuti nyumba ikadali yanu," anatero. "Munandigoneka pansi dala."

"Amayi, timafuna musangalale."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ine ndinalima mpaka msana kupindika kuti iwe usadzagonenso pansi. Kapena ndinalakwitsa?"