Lata la Nkhunda Zanga

Ndikukumbukira mvula yamkuntho imene inagwetsa bulugama ku Area 11. Bambo anga ankasamalira maluwa panyumba ya a Mhango, munthu wa ku Rumphi wogwira ntchito m'boma. Ife tinkakhala kuseri, m'kanyumba ka antchito. Ndinali mu Sitandade 3, ndipo chuma changa chinali nkhunda.

Tsikulo kunada masanasana. Mtengo unalira, kenaka khuu! padenga la khitchini ya bwana. Pabwalo ponse panamveka fungo la masamba a bulugama ndi dothi lonyowa. A Mhango anali kwawo kumaliro.

Bambo sankadikira kuuzidwa ntchito. Iwo nkhwangwa, ine chikwanje. Tinadula, tinawaza nkhuni, tinasesa, padenga tinatsekapo ndi malata akale. Lata limene mtengo unaphwanya ndinakafolera khola la nkhunda zanga.

Bwana atabwera tinaima chilili, kudikira kuyamikiridwa. Iwo anagwira mutu.

"A Phiri, mwandipha! A inshuwalansi akabwera adzaona chiyani?"

Bambo anavula chipewa. "Bwana, kwathu denga la mnzako likagwa sufunsa."

"Akakana kukonza, ine ndi inu tisiyana."

Kusiyanako kunali kubwerera kumudzi, ndipo kumudzi kwathu sukulu inali kutali.

Ine ndinkayesa a Inshuwalansi ndi amalume a bwana, munthu wolusa. Kunabwera bambo woonda, wovala tayi, panjinga yamoto. Anati kampani yawo imakonzetsa zimene mphepo, moto kapena mtengo wawononga, osati denga lotha ndi ukalamba. Anayang'ana malata akale aja n'kupukusa mutu.

"Chitsa ndachiona. Koma padenga ndikuonapo dzimbiri lokha. Ndidziwa bwanji kuti mtengo unagwerapo?"

Bambo analoza mulu wa nkhuni. Mlendoyo anaseka. A Mhango sanaseke.

Ndinazungulira kuseri osauza munthu. Ndinasasula khola, nkhunda zonse zinabalalika. Ndinakwekwesa lata lija mpaka pakhonde. Linali lopindika pakati, makungwa a bulugama atakanirira pomwe linang'ambika, zitosi zili mbuu. Mlendoyo ananjuta, anakanda khungwa ndi chikhadabo, n'kununkhiza.

"Mboni yafika," anatero, "koma siinasambe."

Denga linakonzedwa. Bambo anakhalabe pantchito, ine ndinafika Sitandade 8. Nkhunda zinabwerera zina, zina ayi. Sindinalire.

Lero ndili ndi nyumba yangayanga ku Old Town, yomanga ndi manja awa, ndipo ndinailembetsa ku inshuwalansi. Dzinja lathali mphepo inagwetsa mpanda. Ndisanawerame n'komwe, mdzukulu wanga wamkazi anakuwa, "Agogo, musakhudze!" Anajambula zonse ndi foni, n'kutumiza ku kampani. Masiku ano mboni imakhala m'thumba, mwana sachita kuulutsa nkhunda. Ndi zabwino zimenezo.

Ndinamudikira, manja akuyabwa. Atangomaliza, njerwa yoyamba ndinatola ndine. Ndine mwana wa a Phiri.