Foloko Imene Ndinaipaka Penti Katatu

Nkhani iyi ndakhala nayo m'mimba zaka zambiri, ndipo musaganize kuti ndikupeka, chifukwa munthu amene ndikufuna kunenayu ali moyo, anthu a pa Golomoti amamuona tsiku ndi tsiku, kungoti chimene sadziwa ndi mbali yanga. Maina sinditchula. Koma zonse zimene ndilembe pano zinachitikadi, ndipo ine mwini wake ndikanakonda likanakhala bodza.

Ine ndine wokonza njinga, ndipo ntchitoyi ndinaiyamba ndevu zisanamere, pa kashedi ka malata anayi pafupi ndi msika. Manja anga anthu sankawadandaula, vuto langa linali pakamwa. Tsiku lomaliza la chaka chilichonse, masana, akabaza ankasonkhana pashedi panga kuti ndiwalosere za chaka chikubwera. Zinayamba ngati nthabwala. Chaka china ndinawauza kuti njinga zamoto ziwalanda makasitomala, anandiseka mpaka kugwira nthiti, koma zinachitika. Chaka china ndinati matayala asowa moti tiyamba kuwasoka ndi chingwe, nazonso zinachitika. Sikuti ndinali ndi mzimu ayi, ndinkangotchera khutu madalaivala a minibasi ndi mavenda opita kukapikula ku Lilongwe akamacheza. Koma anthu anayamba kunditchula kuti mlosi, ndipo ndisakubisireni, zinkanditsekemera. Ndani sakonda kuomberedwa m'manja?

M'zaka zimenezo ndi pamene tinjinga ta BMX tinayamba kufika kwathu kuno pamodzi ndi njinga zina zakaunjika. Kwa amene simunationepo, ndi tinjinga tating'onoting'ono, chishalo chili pansi, kaliyala palibe, thumba la mpunga sunganyamulepo, moti akuluakulu ankangoti ndi zidole za ana a m'tauni. Koma achinyamata anali ataonera pa mafoni anzawo akunja akuuluka nato m'mwamba, basi mitu inazungulira.

Amene mutu unamuzungulira kwambiri anali mwana wa mlongo wanga. Bambo ake anapita kunyanja kukapha nsomba n'kukakwatira komweko, choncho mnyamatayu anakulira m'manja mwanga, ndipo mukudziwa kuti kwathu kuno malume ndiye mwini mbumba. Atamaliza folomu 4 ndinamupezera kanjinga kake kofiira. Abale, mwana uja anali ndi mphatso. Ankadzutsa tayala lakutsogolo kuchokera pamsika mpaka kunjanji osaligwetsa pansi, ndipo madzulo iye ndi anzake ankapita kuminda ya mpunga ku Bwanje, kuunjika dothi la pachulu n'kumalumpha timingalande. Amayi ake ankadandaula kuti adzathyoka khosi, ine n'kumawayankha kuti asade nkhawa, njingayo ndimaiona ndekha.

Patatsala sabata kuti Khirisimasi ikwane mnyamatayo anabwera nayo kuti ikulira kutsogolo. Atachoka ndinaipidigula, ndipo ndinapeza mng'alu pakhosi pa foloko, chitsulo chija chimagwira tayala lakutsogolo, mng'alu wake wowonda ngati tsitsi limodzi. Tsono ife okonza njinga kumudzi chitsulo sititaya. Chikang'aluka timakachiwotcherera, kuchipala bwinobwino, kupakapo penti, mwini wake n'kumapita akusekerera, ndipo pa njinga zakuda zija zonyamula makala chowotchereracho chimatha zaka. Foloko ya kanjinga kotere sinkapezeka pa Golomoti kapena ku Mtakataka, kunali kuitanitsa ku Lilongwe. Ndiye ndinachita chimene manja anga anazolowera.

M'mawa mwake nditatsegula shedi ndinapeza kamzere kaja kakuoneka pansi pa penti, pambali penipeni pa pamene tinawotcherera. Ndinapakanso. Tsiku lotsatira kanatulukanso, ngati kuti wina wabwera ndi singano kudzakalemba. Apo ndinadziwa tanthauzo lake: chitsulo cha tinjingati ndi chopyapyala, moto unali utachidya. Njinga ya makala imasenza katundu wake pang'onopang'ono, pamene njinga yolumpha imalandira thupi lonse la munthu nthawi imodzi pa khosi lomwelo. Ndinkadziwa zimenezi kuposa wina aliyense. Koma ndinapaka kachitatu, penti wochindikala, mpaka kamzere kanabisika, ndipo mwini wake atabwera ndinangomuuza kuti panasowa girizi. Mumtima ndinati chaka chikangolowa ndiitanitsa foloko yatsopano, ndipo mawa ndimuuza kuti ayambe wasiya zolumphazo. Mawa lakelo silinafike. Amati tsoka silinunkha, koma langa linkanunkha penti, ndipo ndinkalimva.

Tsiku lolosera litakwana, anthu anadzaza kuposa zaka zonse, chifukwa achinyamata a tinjinga aja anabweranso, ena kuchokera ku Mua. Ine kuona gulu lotero ndinaledzera osamwa kanthu. Ndinaima pa felemu yakale n'kuyamba kuwauza kuti chaka chikubwerachi mavenda abweretsa ma BMX ambiri kuposa njinga zina zonse, kuti matayala ake ayamba kugulitsidwa m'magolosale momwe muno, kuti m'tauni muyamba mipikisano ndipo makampani azidzasaka anyamata odziwa kulumpha kuti awaveke malaya awo, kutinso atsikana nawo ayamba kupalasa. Aliyense ankangoti eya, mlosi wanena. Kenako kabaza wina anafunsa kuti nanga kwathu kuno adzatiimirire ndani. Ndinaloza mwana wa mlongo wanga, n'kunena mokweza kuti mpunga usanakololedwe mnyamata uyu adzalumpha ngalande yaikulu ija imene palibe anailumphapo, ndipo tayala lake silidzanyowa n'komwe. Ndinkaloza choncho penti wofiira akadali m'zikhadabo.

Ine ndinkaganiza za miyezi inayi kutsogolo, foloko yatsopano itafika. Koma mawu ukawaponya pagulu sakhalanso ako. Tsiku la chaka chatsopano, anthu atangoweruka ku tchalitchi, kabaza wina anandipeza pashedi n'kundiuza kuti ndithamange ndisaphonye, anyamata agwirizana kuti palibe chodikirira poti mlosi wanena kale, kulumpha kuja ndi lero. Sindikumbuka kuti ndinatenga njinga ya ndani. Ndinapalasa njira yonse ndikupemphera kuti mwana wa mlongo wanga ndimupeze asanayambe.

Ndipo Mulungu anandiyankha, apa ndiye pondiwawa kwambiri. Ndinamupeza asanayambe. Anthu anali atandanda mbali zonse ziwiri za ngalande, madzi odzaza ofiirira chifukwa kumapiri kunagwa mvula, ndipo anyamata anali ataunjika mulu wa dothi n'kugonekapo thabwa. Atandiona anakuwa kuti mlosi wafika, amayi ena mpaka nthungululu. Mnyamata uja anakankha kanjinga kake kudzaima patsogolo panga, anandipatsa moni mwaulemu monga mwa masiku onse, kenako anandifunsa chapansipansi ngati amalume akuona kuti njingayi ili bwino.

Mukanakhala inu mukanatani? Pankangofunika mawu awiri basi. Koma maso onse anali pa ine, ndipo kunena kuti asalumphe kunali kuvomera pamaso pa akabaza onse, makasitomala anga, kuti ndinabisa mng'alu ndi penti, komanso kuti ulosi wadzulo unali wa pakamwa chabe. Ndinawerama, n'kufinya tayala lakutsogolo ndi chala chachikulu monga timachitira ife okonza njinga tikafuna kuoneka kuti tayeza, ndipo ndinamuuza kuti ili bwino.

Anapita kutali kukatenga liwiro. Anabwera ataimirira pa mapedulo, anakwera thabwa lija, ndipo anauluka. Ndikukuuzani zoona, anaoloka. Ngalande yonse ija anaidumpha, tayala silinanyowe, ndipo anthu anali atayamba kale kukuwa pamene kunamveka kuti thyo, phokoso laling'ono ngati munthu wathyola nzimbe. Tayala lakutsogolo linachoka lokha n'kumagubuduka kulowera m'munda wa mpunga, iye anapidiguka pamwamba pa handulo n'kukamenyetsa msana pa simenti ya m'mphepete.

Sindikudziwa kuti ndinaoloka bwanji, ndinangozindikira ndili tsidya linalo zovala zili chonyowa, nditagwada pambali pake. Magazi sanali ambiri. Maso anali otsegula, ndipo choyamba anandifunsa ngati waoloka. Nditamuuza kuti waoloka anamwetulira pang'ono, kenako anandipempha kuti ndimuchotsere njinga imene yamupsinja miyendo chifukwa ikumulepheretsa kudzuka. Abale anga, pamiyendo pake panalibe kanthu. Njinga inali uko. Ndinamutsina pa ntchafu mwamphamvu ndithu, iye akungondiyang'ana kudikira kuti ndichotse njingayo. Mantha amene anandigwira pamenepo sindinawamvepo chibadwire, ndipo mpaka lero ndikamva munthu akuthyola nzimbe ndimacheuka.

Tinamutengera kuchipatala cha mishoni ku Mua, kumeneko anamutumiza ku Lilongwe, ndipo anabwerako anthu akukolola mpunga, atamunyamula. Madokotala anati msana unathyoka ndipo sadzayendanso. M'mudzi anthu anayamba kunong'onezana kuti chitsulo sichingathyoke chokha pa njinga yosamalidwa ndi katswiri, pali munthu wansanje amene anamutchera. Mlongo wanga anakhulupirira zimenezo mpaka anasiya kulonjerana ndi anansi ake ena. Ine ndinawasiya aziganiza choncho. Foloko ija ndinali nditaitola tsiku lomwelo n'kuibisa kudenga kwa shedi.

Ndinakafuna tayala lija m'matope a mumpunga, ndipo pamodzi ndi linzake ndinamupangira njinga ya matayala atatu yopalasa ndi manja. Anthu ananditama kuti malume wotere sapezekapezeka. Mlongo wanga anandigwadira pakhomo pake akulira, kunena kuti pakanapanda achimwene mwana wake akanaolera m'nyumba. Mawu amenewo ankandiotcha kuposa kutukwanidwa. Mlongo wangayo anamwalira patapita zaka zingapo akundiyamikabe, ndipo kumanda kwake ndinalira kwambiri moti anthu anadabwa, osadziwa kuti ndikulira maliro awiri.

Mnyamata uja, amene tsopano ndi bambo wa ndevu zake, anayamba kugwira ntchito pashedi panga, ndipo pa nkhani yomanga masipoko ndi kuwongola malimu palibe womuposa kuchokera pa Golomoti mpaka ku Mtakataka. Tsiku lina bambo wina anabwera ndi ka BMX ka mwana wake wamkazi, foloko itang'aluka pamalo omwe aja, kuti tingomuwotchererako. Ndinapsa mtima mosadziwika bwino, ndinamasula folokoyo n'kuipinda ndi hamala pamaso pake kuti asakaiwotcherere kwina, ndipo bamboyo anachoka akunditukwana. Titatsala awiri ndinakwera pa benchi, ndinatsitsa foloko yofiira ija, dzimbiri lokhalokha, n'kumuikira pamiyendo. Ndinamuuza zonse, za mng'alu, za penti katatu, za girizi wabodza.

Anaitembenuza kawiri, n'kuisisita ndi chala pamene inathyokera. Kenako anandiuza modekha kuti ankadziwa. Anati munthu wokulira pashedi angalephere bwanji kumva fungo la penti watsopano ndi kuona chotupa cha powotcherera, anaona tsiku lomwe anakaitenga. Anati tsiku lija pangalande ankachita mantha, sankafuna kulumpha, koma anzake anali atamuunjirira ndipo analibe pothawira, ndiye anandifunsa dala pamaso pa anthu kuti ndimuletse, chifukwa amalume akanati ayi palibe akanamuseka. Koma nditafinya tayala n'kunena kuti ili bwino mantha onse anamuthera, poti mawu a amalume anali asanagwepo pansi.

Sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanandigenda nayo folokoyo. Anangoiika pambali n'kundipempha kuti ndimupatsire sipanala, tayala la kasitomala linkadikira. Ndi iyeyo amene pambuyo pake anandiuza kuti nkhaniyi ndiinene, mwina ingapulumutse msana wa wina.

Zimene ndinalosera chaka chija zambiri zinachitika, tinjingati tadzaza, matayala ake ali m'magolosale, atsikana akupalasa. Koma ine sindikhulupiriranso kuti kulosera ndi masewera, chifukwa ndinaona kuti ukanena za mawa pagulu, pamakhala wina amene amanyamula mawu akowo ndi thupi lake kuti asagwe pansi. Mfiti imene mlongo wanga anamwalira akuisaka inali manyazi anga. Tsiku lomaliza la chaka akabaza amabwerabe, ndipo ndimawauza kuti ine ndimaona zimene zili m'manja mwanga basi.

Tsono inu anzanga okonza njinga, foloko ya njinga yolumphira ikang'aluka itayeni, musaiwotcherere, ndipo penti asakhale wobisira chimene mwaona. Nanunso amalume, azibambo ndi amayi, mwana akadzakufunsani pamaso pa anthu ngati zili bwino, muyang'aneni kumaso musanayankhe, mwina akukupemphani kuti mumuletse. Ine ndinayang'ana tayala, ndipo m'mawa uliwonse ndimamumva akubwera kuntchito, akupalasa ndi manja.