Miyendo Yatsopano ya Galimoto ya Bambo

Fungo la chitsulo chopsa limandibwezerabe ku Ching'ambo, komwe tinkakhala, m'nyengo yozizira imene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Chaka chimenecho ine Lusiya ndinagwa mumtengo wa mapeyala n'kuthyoka fupa la ntchafu, ndipo anandimanga chikhakha kuyambira m'chiuno mpaka kuphazi. Lachiwiri lililonse ndinkafunika kuchipatala.

Bambo anali makaniko ochokera ku Zomba. Anali ndi galimoto yakalekale yobiriwira imene mzungu wina wa kuesiteti anaitaya. Matayala ake akutsogolo anali pachitsulo chimodzi, moti lina likagwa m'dzenje galimoto yonse inkadumpha, ine n'kumakuwa. Ulendo wachitatu bambo anaima panjira, n'kukhala nthawi yaitali atangogwira chiwongolero.

Sabata yomweyo anabweretsa miyendo yakutsogolo ya galimoto ina yochita ngozi, yoti tayala lililonse liziyenda palokha ndi sipuling'i yake. Anaimanga n'kupita kukaiyesa, koma anabwerako akukankha. Chasisi, chitsulo chonyamula galimoto yonse, chinali chitang'aluka pomwe anamanga mabawuti. Mayi anawachonderera kuti aisiye, popeza azibambo a kutchalitchi anali atadzipereka kumandinyamula pamachira. Bambo anavomera za machirazo, koma galimoto sanaisiye. Anakaitana a Chirwa, owotcherera a ku Nkhata Bay.

A Chirwa anagogoda chitsulocho ndi nyundo, khutu ali tcheru. "Chakalamba chomene, bambo a Lusiya. Mwaika miyendo ya mnyamata pamsana wa nkhalamba. Tiyambe talimbitsa msana."

Kwa masabata atatu ndinkawaonera pazenera nditafunda bulangeti. Nkhungu inkatsika kuchokera kumapiri a Kaning'ina, mvula yamawawa inkanyowetsa makatoni omwe ankagonera, koma iwo osachoka. Anadula zitsulo za lole yakufa n'kutseka nazo mbali yotseguka ya chasisi, n'kupingasa china pansi pa injini. Ankawotcherera pang'onopang'ono, uku kenako uko, kuopa kuti chitsulo chingapindike, ndipo chikazizira ankayeza ndi chingwe. Anyamata a chipani atabwera kudzafunsa makhadi, bambo anangotulutsa dzanja lamatuza pansi pa galimoto, khadi lili m'zala.

Tsiku loyesa bambo anandigoneka pampando wakumbuyo, a Chirwa n'kukhala nawo kutsogolo. "Ukamva kuwawa unene, mwanangu. Tikayambanso."

Tayala linalowa m'dzenje la pafupi ndi mjigo, lija ndinkaliopa kwambiri. Galimoto inangoweramira pang'ono n'kudutsa. Ndinawauza kuti sindinamve kanthu. Bambo anati yewo kwa a Chirwa, kuwathokoza m'chinenero chakwawo, osacheuka.

Masabata onsewo ndinali nditawakwiyira bambo mumtima. Ndinkaganiza kuti ankakonda galimoto kuposa ine, chifukwa sankakhala pambali panga monga ankachitira mayi. Lero ndine mayi wa ana akuluakulu, ndipo ndimadziwa kuti bambo sankatha kupirira kulira kwanga atapinda manja. Fupa langa sakanatha kuliwotcherera, choncho anawotcherera chimene manja awo ankachidziwa.