Nkhata yanga munapita nayo

Achimwene, lero pa Njira ya Mtanda, titafika pa Simoni amene anakakamizidwa kusenza mtanda, ine ndatuluka m'tchalitchi. Ndakumbuka Lachisanu Loyera lija ku Majaua, nthawi ya nkhondo, anthu a mfuti atandiloza kuti ndisenze chimanga chimene anatilanda. Munatsomphola nkhata m'manja mwanga n'kunena kuti, "Mlongo wangayu ndi woyembekezera, ndisenza ndine." Linali bodza, ndinali ndisanakwatiwe n'komwe. Munapita nawo, osabweranso.

Apadiri akuti tizithokoza amene anatifera. Ndimathokoza. Koma Yesu anamudikira masiku atatu okha. Inu amayi anakudikirani mpaka kumwalira, ine ndamera imvi, ndipo ngakhale manda anu oti ndikasese palibe.