Masuku a ku Bundabunda

Ndinanamiza nkhalamba pamaso pa anthu, ndipo ndinachita kuimirira kuti bodzalo limveke bwino.

Munali m'kachipinda ka mabuku pa sukulu ya mishoni, masiku a Chitaganya. Kunabwera a Zulu, mphunzitsi wopuma pantchito amene ankalemba timabuku ta mitengo ndi mbalame za kuno. Maso anali atayamba kuwavuta, moti buku ankalifikitsa pamphuno. Anatiwerengera za nkhalango ya masuku ya ku Bundabunda, kumene ankaphunzitsa kale. Atamaliza anafunsa ngati panali wochokera kumeneko.

Ine wofuna kuonekera ndinadzuka.

"Mwana wanga, mitengo ija ikaliko?"

Matuza a nkhwangwa anali asanapole m'manja mwanga. Mitengoyo tinaigwetsa ndife, nkhuni zake n'kupita kukaumitsa fodya pa famu ya mzungu. Ndinabisa manja kumbuyo ngati mwana woba nsawawa.

"Iliko, atate. Ibala maningi."

Anthu anaomba m'manja. A Zulu anaseka, chingamu chili pamtunda. "Ukanitumizireko, nilaweko nisanafe."

Mvula itayamba ndinapalasa njinga kukapempha masuku kwa mlamu wanga ku Palabana, n'kuwapatsira woyendetsa lole ya mkaka kuti akapereke kwa a Zulu. Ku Bundabunda nthawi imeneyo ngakhale zitsa zinali zitadyedwa ndi chiswe.

Lole itabwerako, woyendetsayo anandikuwira ali pawindo. "Ba Zulu akuti zikomo! Akuti kukoma kwake sikunasinthe, ndipo manje mtima wawo wakhala pansi."