Mikwamba Khumi ndi Inayi

Kalata yanga yoyamba yodandaula ndinailemba patatha zaka zisanu ndi chimodzi chilandirire ufulu. Kope lake ndili nalo, pamodzi ndi makope a makalata ena onse amene sanayankhidwe.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene bambo anafera mu mgodi ku Kitwe, chaka cha ufulu chomwecho. Ana sankaloledwa kumanda, koma amayi atatsala pang'ono kubwerera ku Malawi ananditengera komweko. Dothi linali likadali lofiira, kachitsulo ka nambala kali kumutu.

"Iwe wa sukulu, lemba pamene agona bambo ako," anatero. "Ine kuno sindidzapondanso."

Ndinatambasula manja monga ankachitira bambo poyeza nsalu, n'kuthyola ndodo yotalika chomwecho. Ndinayeza kuchokera pa mtengo wa mthethe, ndipo ndinalemba kuti: mikwamba 14, chakum'mawa. Ndodo ndinataya. Nambala sindinalembe, poti ndinkati chitsulo sichisuntha.

Ndinakulira kwa amalume ku Masala, ku Ndola. Tsiku lina aphunzitsi a masamu anatiuza kuti mawu akuti fathom, kwa makolo a Angerezi, ankatanthauza manja otambasula, ngati pokumbatira munthu.

"Ndiwo mkwamba wathu," anatero. "Koma ataona kuti manja amasiyana, anaukhazika pa mapazi sikisi."

"Akanayezera a Phiri, aphunzitsi, bwenzi ali teni!" anakuwa mnzanga wina, akundiloza ine.

Onse anaseka. Ine ndinkayang'ana mikono yanga, itatulukira kutali kunja kwa malaya.

Loweruka ndinakwera basi ya ku Kitwe. Mthethe unalipo, koma zitsulo zinali zitazulidwa, manda atadzaza mbali zonse. Mikwamba yanga khumi ndi inayi inandifikitsa pa kamtumbira ka mwana. Nditabwerera m'mbuyo ndinapeza mitumbira itatu yofanana, yomera udzu.

Amayi ankafunsa m'kalata iliyonse kuti, "Kodi walambula pa bambo ako?" Ndinkalambula ponse patatu, n'kuyankha kuti inde. Anamwalira asakudziwa.

Lero ndikudziwa kuti pepala limasunga zimene walipatsa basi. Langa linasunga 14, koma manja amene anayeza anapita ndi ubwana wanga.

Choncho ndikupempha mwaulemu osunga kaundula wa manda amenewo kuti atsegule buku la chaka cha ufulu, andiuze mwa kalata kuti mwa itatuyo, wa bambo anga ndi uti.