Bweretsani Yakutha Kaye

Mlamu wanga anasunga chipinda cha katundu pakampani yathu zaka makumi atatu. Tinkawatchula kuti a Makiyi, chifukwa makiyi awo ankamveka iwo asanaoneke. Ine ndinkalemba anthu ntchito, ndipo ofesi yanga inali moyang'anizana ndi windo lawo loperekera katundu.

Lamulo lawo linali limodzi: ukafuna chatsopano, bweretsa chakutha. Ukafuna bolopeni, bweretsa youma. Babu, bweretsa lakupsa. Mchemwali wanga, mkazi wawo, ankati ngakhale kunyumba machesi sankatuluka usanaonetse kamtengo kakupsa. Abwana aakulu analikonda lamuloli. Analisainira, nalipachika m'felemu pamwamba pa windo.

Chaka china kampani inafuna webusaiti, chifukwa opikisana nafe anali nayo. Zoyenereza munthu womanga webusaitiyo abwana analemba okha: wodziwa pulogalamu inayake kwa zaka khumi, wokonzanso makina osindikizira, wosadandaula. Pulogalamuyo inali ndi zaka zinayi chitulukireni. Ndinawauza. Anati, "Ndiye tipeza wakhama."

Anabwera atatu motsatizana. Onse analumbira kuti zaka khumizo ali nazo, ndipo onse anachoka mwezi usanathe. Wachinayi anali mayi wa ana awiri, amene anandiuza pamaso kuti zaka khumizo ndi bodza. Ndinamulemba. Abwana anamupatsa miyezi itatu: webusaiti ikapanda kuoneka, ntchito yatha.

Pulogalamuyo inkafuna laisensi, ndiye kuti nambala ya chilolezo, imodzi pa munthu mmodzi. Kampani inali itagula malaisensi makumi awiri. Anabwera m'maenvulopu, ndipo chilichonse chobwera pakampani chinkayamba chafika kwa a Makiyi. Imodzi anapereka kwa sekilitale, chifukwa abwana anabwera okha pawindo. Maenvulopu otsalawo anawamanga ndi labala, n'kuwakhomera m'kabati, pakati pa sopo ndi mababu.

Mayi uja anapita pawindo tsiku lachiwiri.

"Bambo, ndikupempha laisensi imodzi."

"Yakutha ili kuti, mayi?"

"Ndangoyamba kumene. Sindinakhalepo nayo."

"Ndiye zatsopano zizingotuluka ngati zili ndi miyendo?"

"Si sopo ameneyu, bambo. Siitha poigwiritsa ntchito."

"Onse amatero. Wa bolopeni amateronso."

Mayiyo anayamba kubwereka nambala ya sekilitale. Koma nambala imodzi siilola anthu awiri: wina akalowa, mnzake imamutulutsa. Tsiku lonse m'khonde munkamveka, "Achemwali, mwatuluka?" "Ndapita kukamwa madzi, lowani msanga." Webusaiti ya kampani inkamangidwa sekilitale akakhala kuchimbudzi. Apo ndi pamene ndinadziwa chimene chinathamangitsa atatu aja.

Ndinapita ndekha pawindo.

"Alamu, mpatseni mayiyu. Ntchito imuthera."

"Alamu, chibale kunyumba. Pano ndi pawindo."

Sabata lomaliza, kompyuta ya sekilitale inalemba kuti laisensi yatha, chifukwa inali ya chaka chimodzi. Mayi uja anasindikiza uthengawo papepala, n'kupita nawo pawindo.

"Nayi yakutha, bambo."

A Makiyi anavala magalasi, anawerenga kawiri, anadinda chidindo.

"Mwaonatu? Paja mumati siitha."

Anatsegula kabati, nasolola envulopu imodzi mwaulemu. Mayiyo analemba nambala pakompyuta. Inakana. Anabwerera ndi pepala lina la yakutha, anapatsidwa yachiwiri. Inakananso. Malaisensi onse anagulidwa tsiku limodzi, ndipo anatha tsiku limodzi. Anathera m'kabati, ali atsopano.

Lachisanu abwana anatiitana tonse. Kalata yochotsa mayiyo inali kale patebulo. Ndinailemba ndine. Mayiyo sanalire, sanachonderere. Anangofotokoza zimene zinachitika, kuyambira tsiku lachiwiri lija.

Abwana anatembenukira kwa a Makiyi, nayamba kukalipa. A Makiyi anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anatuluka, makiyi akulira m'khonde. Anabwerera ndi maenvulopu ndi felemu ija. Anaika zonse patebulo, chala pa siginecha.

"Werengani, bwana. Khumi ndi asanu ndi awiri awa, awiri ndatulutsa mwalamulo. Palibe chasowa."

Abwana anayang'ana dzina lawo nthawi yaitali. Anafunsa ngati pali amene akufuna tiyi.

Kalata ija ndinaing'amba. Mayiyo anamuwonjezera miyezi itatu, ndipo malaisensi atsopano ankabwera pakompyuta yake, osadzera pawindo. Webusaiti inatuluka. Patsamba loyamba pali chithunzi cha abwana.

A Makiyi anapuma pantchito chaka chotsatira, ndi satifiketi ya kukhulupirika. Ili pabalaza pawo. Maenvulopu aja anawasiyira wolowa m'malo mwawo, atawerengerana limodzi. Akadali m'kabati. Palibe amene wabweretsa yakutha.